Mmene mungakhalire bwino ndi mbali zonse pa mkangano wa Chiairishi ku Northern Ireland

Munthu wa kwathu akatsika ndege ku Belfast kudzayamba ntchito ya unamwino, yosamalira okalamba kapena kudzaphunzira, amaganiza kuti zomuvuta zidzakhala kuzizira ndi Chingerezi cha kuno, chomwe eni ake amachithamangitsa n'kumameza mawu ena. Zimenezi zimazolowereka pakapita miyezi ingapo. Chomwe chimatenga nthawi ndi kuzindikira kuti m'dziko muno muli chilankhulo china, Chiairishi, chimene eni ake amachitcha Gaeilge, ndiponso kuti mawu ochepa a chilankhulochi akhoza kukupezerani abale m'nyumba ina koma n'kukudanitsani ndi a m'nyumba yoyandikana nayo.

Ine ndinadziwira zimenezi pa ntchito, m'nyumba ina yosungiramo okalamba. Agogo ena aakazi amene ndinkawasambitsa m'mawa uliwonse anandiphunzitsa kunena kuti go raibh maith agat, kutanthauza kuti zikomo, ndipo ndikapotoza katchulidwe ankaseka mpaka kutsokomola. Tsiku lina ndinapita kukatenga kapu ya tiyi m'chipinda cha agogo ena aamuna, ndipo atandipatsira kapuyo ndinawathokoza ndi mawu anga atsopanowo, ndikuyesa kuti asangalala. Iwo anaika supuni pa mbale pang'onopang'ono, anandiyang'ana, n'kundiuza mwaulemu kuti m'chipinda chawo timalankhula Chingerezi. Ndinali ndisanaonetsetse kuti pakhoma panali chithunzi cha Mfumukazi Elizabeth ndi lamba wa nsalu ya olenji wa gulu la Apulotesitanti la Orange Order wopachikidwa pamsomali. Mnzanga wa pa ntchito anadzandinong'oneza masana kuti mchimwene wa agogowo anali wapolisi ndipo anaphedwa m'zaka za ziwawa.

Yambani ndi kudziwa amene akukangana

Chilumba cha Ireland chinagawidwa mu 1921. Maboma 26 anadzakhala dziko loima palokha, pomwe maboma asanu ndi limodzi a kumpoto, omwe ndi Antrim, Armagh, Down, Fermanagh, Tyrone ndi lina lomwe dzina lake lenilenilo amalimbirana, anatsalira mu United Kingdom. Amene amafuna kuti Northern Ireland ikhalebe pansi pa ufumu wa Britain amatchedwa ma unionist, ndipo ambiri mwa iwo ndi a mipingo ya Chipulotesitanti, zidzukulu za anthu a ku Scotland ndi England amene anapatsidwa malo m'chigawo cha Ulster kuyambira mu 1609. Amene amafuna kuti chilumba chonse chikhale dziko limodzi amatchedwa ma nationalist, ndipo ambiri ndi Akatolika. Mudzamvanso mawu akuti loyalist ndi republican, omwe amanena za anthu ouma kwambiri pa mfundo za mbali ziwirizi. Zipani zikuluzikulu ndi DUP ku mbali yoyamba ndi Sinn Féin ku mbali yachiwiri, koma muzikumbukira kuti pali anthu ambiri, makamaka achinyamata ndi ovotera chipani cha Alliance, amene sadziika kulikonse.

Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 mpaka mu 1998, anthu oposa 3,500 anaphedwa pa ziwawa zimene kuno amangozitcha the Troubles. M'dziko la anthu pafupifupi 1.9 miliyoni, zimenezi zikutanthauza kuti pafupifupi wokalamba aliyense amene mudzamusamalire ali ndi maliro ake amene sanawaiwale. Musaganize kuti akulimbirana chiphunzitso cha tchalitchi. Funso limene lagona pansi ndi lakuti dziko ili ndi la yani, ndipo mpingo, mbendera, masewero ndi chilankhulo ndi zizindikiro chabe zosonyeza yankho la munthu.

Mvetsani chifukwa chake chilankhulo chimawawa chonchi

Olankhula Chiairishi tsiku ndi tsiku ku Northern Ireland ndi ochepa kwambiri. Kalembera wa mu 2021 anapeza kuti anthu pafupifupi 12 pa 100 aliwonse amachidziwa pang'ono kapena kwambiri, koma amene anati ndicho chilankhulo chawo chachikulu anali pafupifupi 6,000 okha, ochepa kuposa olankhula Chipolishi. Mlendo akamva chiwerengero chimenechi amafulumira kufunsa kuti nanga phokoso lonseli n'lachiyani. Funso limeneli musalifunse pagulu, chifukwa kwa munthu wa mbali ya ma nationalist kuchepa kwa olankhulako ndiko umboni wa mlandu wake. Adzakuuzani za lamulo la mu 1737 limene linalamula kuti m'makhoti muzigwiritsidwa ntchito Chingerezi chokha, za sukulu za boma zimene zinayamba mu 1831 n'kumaphunzitsa ana m'Chingerezi, ndi za njala yaikulu ya m'zaka za m'ma 1840 imene inapha anthu pafupifupi miliyoni imodzi n'kuthamangitsira enanso ambiri kunja, makamaka ochokera m'madera osauka a kumadzulo komwe Chiairishi chinali champhamvu. Adzawonjezera kuti boma la ma unionist ku Stormont, komwe kuli nyumba ya malamulo ya Northern Ireland, linakhazikitsa lamulo mu 1949 loletsa kulemba mayina a misewu m'chilankhulo china kupatula Chingerezi, ndipo lamuloli linachotsedwa mu 1995.

Munthu wa mbali ya ma unionist naye ali ndi zokumbukira zake, ndipo si zongopeka. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 akaidi a IRA, gulu la zida la ma republican, m'ndende ya Maze ankaphunzitsana Chiairishi pofuulirana m'zitseko kuti oyang'anira ndende asamve, ndipo mawu akuti tiocfaidh ár lá, kutanthauza kuti tsiku lathu lidzafika, anasanduka mfuu ya gulu limene linkaphulitsa mabomba ndi kuwombera apolisi. Choncho pali anthu ambiri amene anayamba kumva chilankhulochi m'kamwa mwa omwe ankawaona ngati adani awo. Dandaulo lawo lero ndi lakuti Sinn Féin inasandutsa Chiairishi chida cha ndale, kuti zikwangwani za m'chilankhulochi ndi njira yolembera malire ndi kufufuta Ubritishi pang'onopang'ono, kuti ndalama zake zikanathandiza zipatala, komanso kuti tsiku lina ntchito za boma zidzakondera ochidziwa. Mukhoza kuona kuti mantha ena mwa amenewa ndi okokomeza, ndipo ine ndimaona choncho pa nkhani ya ntchito, koma munthu amene anaika m'manda mbale wake sangatsutsidwe ndi mlendo amene wangofika dzulo.

Ife a ku Malawi sitiyenera kudabwa kwambiri. Msonkhano wa chipani cha MCP wa mu 1968 utasankha Chichewa kukhala chilankhulo cha fuko, Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ya MBC mpaka mu 1994, ndipo aliyense amene anachezapo ndi akuluakulu a ku Rumphi kapena ku Mzimba amadziwa kuti chilonda chimenecho sichinapole ndi kubwerera kwa nkhani za pa wailesi. Kufananaku kukuthandizeni kumvetsa mumtima mwanu, koma musakugwiritse ntchito poweruza mlandu wa eni dziko, popeza mbiri ziwirizi zimasiyana m'zambiri.

Dziwani zimene zachitika kuyambira mu 1998

Simungatsatire nkhani za pa wailesi kapena macheza a pa nthawi ya tiyi ngati simudziwa zochitika zingapo zimene aliyense kuno amazitchula mwachidule ngati kuti nanunso munalipo. Mgwirizano wa mtendere wa pa 10 Epulo 1998, umene ena amautcha Good Friday Agreement ndipo ena Belfast Agreement, unavomereza kuti munthu wobadwira kuno ali ndi ufulu wodzitcha Mbritishi, Muairishi kapena zonse ziwiri, ndipo unalonjeza kulemekeza Chiairishi pamodzi ndi Ulster Scots, kalankhulidwe kochokera ku Scotland kamene ma unionist ambiri amakatenga ngati chuma chawo. Pa mgwirizano wa ku St Andrews mu 2006 boma la Britain linalonjeza lamulo loteteza Chiairishi, koma DUP inanena kuti lonjezolo silinali lake, ndipo zaka zinapita popanda kanthu.

Mu Novembala 2014 phungu wa DUP, Gregory Campbell, anaimirira m'nyumba ya malamulo n'kunyoza mawu othokoza sipikala aja, omwewo amene agogo anandiphunzitsa, powasandutsa curry my yoghurt. Masiku awiri Khirisimasi ya 2016 isanafike, unduna wa Paul Givan, wa DUP yomweyo, unathetsa thumba la mapaundi 50,000 la ndondomeko ya Líofa limene linkathandiza ana a m'mabanja osauka kupita kukaphunzira Chiairishi m'madera amene chimalankhulidwabe. Ndalamazo zinali zochepa ndipo zinabwezedwa patangopita milungu yowerengeka, koma mkwiyo unali utabuka kale. Martin McGuinness wa Sinn Féin anatula pansi udindo wake wa wachiwiri kwa nduna yaikulu mu Januwale 2017, makamaka chifukwa cha chisokonezo cha ndalama za ndondomeko ina ya boma yotchedwa RHI, ndipo boma limene mbali ziwirizi zimagawana mphamvu linagwa. Mwezi wotsatira mtsogoleri wa DUP, Arlene Foster, pokana lamulo la Chiairishi, ananena kuti ng'ona ukaidyetsa imangobwerabwera kudzafuna zina. Mawuwo anautsa mbali inayo kotero kuti ena ankabwera pa misonkhano atavala ngati ng'ona, ndipo pa chisankho cha mu Malichi chaka chomwecho ma unionist anataya kwa nthawi yoyamba chiwerengero chopitirira theka cha mipando ya ku Stormont. Mukamva wina akuchita nthabwala za ng'ona kapena za yogati, dziwani kuti magwero ake ndi amenewa, ndipo musaseke msanga musanaone amene ali m'chipindamo.

Boma linakhala chigwere zaka zitatu mpaka mgwirizano wa mu Januwale 2020, ndipo ngakhale pamenepo lamulo lolonjezedwalo linadzadutsa ku nyumba ya malamulo ya ku London osati ku Stormont. Linasainidwa mu Disembala 2022, ndipo linavomereza Chiairishi mwalamulo, linakonza zochotsa lamulo lija la mu 1737, n'kukhazikitsa maudindo a makomishonala awiri, wina wa Chiairishi ndi wina wa Ulster Scots ndi chikhalidwe cha Chibritishi cha ku Ulster. Mkangano sunathe. Siteshoni yatsopano ya Grand Central ku Belfast itatsegulidwa mu 2024 popanda zikwangwani za Chiairishi panali zionetsero, ndipo nduna Liz Kimmins italengeza mu 2025 kuti ziikidwa, nkhaniyo inakafika kukhoti.

Samalani ndi mayina a malo ndi a anthu

Apa ndi pamene mlendo amapunthwa kawirikawiri. Ma unionist amati Northern Ireland, ndipo ena amati Ulster kapena the Province, pomwe ma nationalist ambiri amati the North kapena the North of Ireland, ndipo ouma kwambiri amati the Six Counties. Mzinda wachiwiri pa kukula ena amautcha Derry, kuchokera ku mawu a Chiairishi akuti Doire, nkhalango ya mitengo ya oak, pomwe ena amautcha Londonderry, dzina limene unapatsidwa mu 1613 makampani a ku London atatenga mbali pomanga mzindawo. Njira yabwino ndi kulola mnzanuyo atchule kaye, inu n'kutsatira dzina limene wagwiritsa ntchito. Ngati muyenera kuyamba ndinu, Northern Ireland ndi dzina la boma ndipo palibe amene angakwiye nalo likachokera m'kamwa mwa mlendo. Polemba kalata ya ku ntchito, ambiri amalemba mayina onse awiri a mzindawo motsatizana. Musawongolere munthu, ngakhale mutaona kuti dzina limene wanena likusiyana ndi la pa mapu a m'foni yanu.

Mayina a anthu ali ndi lamulo losiyana: aphunzireni bwinobwino ndipo muziwatchula monga mwini wake amafunira. Siobhán amatchulidwa ngati Shivon, Niamh ngati Niiv, Aoife ngati Iifa. Kachizindikiro ka pamwamba pa lemba kamatchedwa fada, ndipo mukamalemba dzina la wodwala kapena la mnzanu musakasiye, monga momwe ife sitikondwera wina akalemba dzina lathu molidula. Kutchula bwino dzina la munthu si kulowa ndale, ndipo ngakhale wa mbali inayo sangakuimbeni mlandu. Chimene muyenera kupewa ndi kufunsa munthu mpingo wake, sukulu imene anaphunzira kapena dera limene anakulira mutangokumana naye. Kwathu amenewa ndi mafunso a ulemu, ofuna kupeza chibale, koma kuno ndi njira imene anthu amafufuzira mbali ya mnzawo, ndipo m'zaka zoipa zija yankho lolakwika linkatha kuphetsa munthu. Eni dziko amatha kudziwana ngakhale ndi katchulidwe ka lemba H.

Inuyo mudzafunsidwa, makamaka pa fomu yolembera ntchito, chifukwa lamulo limakakamiza olemba ntchito kusunga chiwerengero cha antchito a mbali zonse pofuna kuthetsa tsankho. Fomuyo imafunsa ngati ndinu wa gulu la Apulotesitanti, la Akatolika kapena simuli m'gulu lililonse mwa awiriwa. Cholinga chake ndi kudziwa mbali ya kuno imene munthu anakuliramo, choncho alendo ambiri amasankha yankho lachitatu ngakhale amapemphera ku CCAP kapena ku Katolika, ndipo ngati mukukayika funsani a ofesi yolemba ntchito. Kutchalitchi pitani kumene mtima wanu uli. Wa CCAP adzalandiridwa ndi manja awiri ku Presbyterian Church in Ireland, mpingo umene uli pa ubale wakale ndi sinodi ya Livingstonia, koma adziwe kuti anthu akamuona akulowa kumeneko ena adzamuika kale mbali, monganso adzachitira ndi Mkatolika.

Werengani msewu musanalankhule

Dera lililonse limadziulula lokha kwa munthu woyang'ana. Miyala ya m'mphepete mwa msewu yopakidwa zofiira, zoyera ndi zabuluu, pamodzi ndi mbendera za Britain za Union Jack pa mapolo a magetsi, zikuuzani kuti muli kwa ma unionist. Zobiriwira, zoyera ndi zaolenji, zikwangwani za zilankhulo ziwiri ndi mabwalo a GAA, bungwe la masewero a chikhalidwe cha Chiairishi, zikuuzani kuti muli kwa ma nationalist. Ku Falls Road mawu akuti fáilte, takulandirani, ndi slán, tsalani bwino, adzakupezerani kumwetulira. Ku Shankill Road, mtunda woyenda mphindi zochepa kuseri kwa khoma lalitali lolekanitsa madera awiriwa, asungeni m'kamwa. Chenjezo limeneli limakula m'mwezi wa Julayi, pamene a Orange Order amaguba pa 12 pokumbukira kupambana kwa Mfumu William, Mpulotesitanti, pa nkhondo yolimbana ndi Mfumu James, Mkatolika, ku Boyne mu 1690. Malaya a timu ya Celtic, yokondedwa ndi ma nationalist, kapena Rangers, yokondedwa ndi ma unionist, amene kwathu timangogula pa kaunjika osaganiza kanthu, kuno musawavale popita ku ntchito kapena m'dera limene simulidziwa.

Nkhani ya zikwangwani ikhoza kukupezani pakhomo panu. Nzika za Malawi, Zambia ndi Mozambique zimene zili ndi chilolezo chokhala kuno zimatha kulembetsa m'kaundula wa ovota chifukwa mayikowa ali mu Commonwealth, ndipo khonsolo ya Belfast ikalandira pempho loika dzina la msewu m'chilankhulo chachiwiri imalembera kalata anthu a mumsewuwo amene ali m'kaundulayo. Kale pankafunika kuti awiri mwa atatu aliwonse avomere, ndipo osayankha ankakhala ngati akana. Kuyambira mu 2022 pempho limatha kupita patsogolo anthu 15 pa 100 aliwonse akavomera, ngakhale khonsolo ndiyo imagamula pomaliza, ndipo kutsika kwa chiwerengerochi ndi chimodzi mwa zinthu zimene ma unionist amadandaula nazo kwambiri. Kalatayo ikafika muli ndi ufulu wovomera, wokana kapena wosayankha. Yankhani malinga ndi chikumbumtima chanu, koma musalengeze kwa anansi, ndipo wina akabwera pakhomo ndi pepala lofuna siginecha, muuzeni kuti mukufuna muliwerenge kaye.

Ngati mukufuna kuchiphunzira

Zonsezi zisakuchititseni kuona Chiairishi ngati chinthu choopsa. Makalasi a akuluakulu alipo ambiri, ndipo malo odziwika ku Falls Road ndi Cultúrlann McAdam Ó Fiaich, m'nyumba imene kale inali tchalitchi cha Presbyterian. Ngati mukukhala kum'mawa kwa mzinda, pitani ku Turas, ku Newtownards Road, m'kati mwenimweni mwa dera la ma loyalist, komwe Linda Ervine, mayi wa Chipulotesitanti, wakhala akutsogolera maphunziro a Chiairishi kwa zaka zoposa khumi pansi pa mishoni ya mpingo wa Methodist. Makolo adziwe kuti pali sukulu zophunzitsa maphunziro onse m'Chiairishi. Yoyamba, Bunscoil Phobal Feirste, inayambitsidwa mu 1971 ndi mabanja ochepa a ku Shaw's Road popanda thandizo la boma, ndipo lero ana ophunzira m'sukulu zotere ndi oposa 7,000. Musanalembetse mwana wanu, ganizirani ngati mudzatha kumuthandiza ntchito ya kunyumba, ndiponso kuti yunifolomu yake idzauza anthu a m'basi zambiri zimene inu simunafune kunena.

Ku makalasi amenewa mudzamva mbiri imene andale satchula kawirikawiri. McAdam wa m'dzina la Cultúrlann anali Robert MacAdam, Mpresbyterian wa ku Belfast amene ankasonkhanitsa zolembedwa ndi miyambi ya Chiairishi m'zaka za m'ma 1800. Chipangano Chakale chinamasuliridwa m'chilankhulochi motsogozedwa ndi bishopu wa Chipulotesitanti William Bedell, ndipo Douglas Hyde, mmodzi mwa oyambitsa bungwe lolimbikitsa Chiairishi la Conradh na Gaeilge mu 1893, anali mwana wa m'busa wa mpingo wa Chipulotesitanti wa Church of Ireland. Mfumukazi Elizabeth yemwe, pa ulendo wake wa ku Dublin mu 2011, anayamba mawu ake pa phwando la boma ndi moni wa m'Chiairishi. Mayina ambiri a malo amachokera komweko: Belfast ndi Béal Feirste, Bally ndi baile, mudzi, Knock ndi cnoc, phiri, ndipo Shankill ndi Seanchill, tchalitchi chakale.

Mukadziwa zimenezi mudzalakalaka kuziponya pa mkangano, koma dzigwireni, chifukwa zikachokera kwa mlendo zimamveka ngati mukuuza munthu kuti sadzidziwa. Ine nditamva za Shankill ndinathamangira kwa mnzanga uja n'kumuuza kuti ndikawafotokozera agogo aamuna aja, popeza anabadwira mumsewu womwewo. Iye anandiletsa, nati agogowo akudziwa kale tanthauzo la dzinalo kuyambira ali mnyamata. Kuchokera pamenepo ndinkawathokoza m'Chingerezi, ndipo tsiku lina iwo eni anandifunsa mmene timathokozera kwathu, ndiye mpaka pamene ndinachoka pa ntchitoyo ankati akandipatsira kapu amayamba ndi iwo kunena kuti zikomo.